Chaka Chimene Dzanja la Amayi Anu Linakana Kufika pa Khutu

Dalitso, Mphatso, ndi iwe Tamanda amene akulu akowa akuwerengere,

Mukundidziwa agogo anu. Pakamwa mawu amandithawa, makamaka anthu akandiyang'ana, koma ndikagwira cholembera amabwera okha n'kukhala pansi bwinobwino. Ndinayamba kulemba m'kope ndili mtsikana wa sukulu, ndikubisa kopelo m'denga la udzu kuti alongo anga asaliwerenge, ndipo tsitsi lachita kuyera ndisanasiye. Choncho zimene ndalephera kukuuzani pa khonde ndazilemba. Iwe Dalitso, ndikudziwa kuti umadumpha mizere monga umachitira pa foni. Pano usadumphe.

Lachisanu lapitali Tamanda anabwera ndi pepala lochokera ku sukulu yake ya mkaka ya kuno ku Area 14. Aphunzitsi ake anachonga pafupifupi paliponse: amalumpha ndi mwendo umodzi, amadzimanga mabatani, amasiyanitsa mitundu, amadikira nthawi yake pa katungwe. Mzere umodzi wokha ndiwo unali wosachonga, wa kuyankhula pamaso pa anzake. Inu awiri akuluakulu munaona mzere umodzi womwewo, n'kuseka.

Inenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndine ndinakusimbirani tsiku lina za muyeso wa khutu ngati nthabwala. Loweruka ndinamupeza Tamanda kuseri kwa thanki ya madzi, atadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu, akulikoka ndi linzake, akuluma mlomo. Nditamufunsa anandinong'oneza kuti, "Dalitso wati ndikapanda kugwira khutu sindipita ku Sitandade 1."

Chinthu chomwechi chinatsala pang'ono kuwachotsa amayi anu m'tauni muno n'kuwatumiza kumudzi asanayambe sukulu. Iwo sakumbukira bwino. Ine ndili ndi kope.

Kwathu, kumbali ya ku Nathenje, makolo ambiri sankasunga tsiku limene mwana anabadwa. Ukafunsa, amayi ankangoti, "Unabadwa chaka chimene madzi anakokolola dimba la atsibweni ako." Ndiye aphunzitsi akanadziwa bwanji kuti uyu wakwana, uyu sanakwane? Anali ndi muyeso wawo. Tsiku lolembetsa ankatindandalika pansi pa mtengo wa mbawa, aliyense adutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la kumanzere. Wagwira, lowa. Walephera, pita ukakule. Kupendeketsa mutu kunali kuba, ndipo aphunzitsi ankauwongola ndi rula pa chibwano.

Ine ndinabadwa ndi mutu waukulu wa bambo anga ndi timanja tatifupi ta amayi anga. Mphatso, usaseke, mutu umenewo uli ndi iwe. Chaka choyamba anandibweza. Chachiwiri chala chinangokhudza tsitsi la pamwamba pa khutu, anandibwezanso. Ndinkalendewera pa nthambi ya mpoza m'mawa uliwonse, poganiza kuti dzanja limatalika ngati mphira wa legeni. Chachitatu sanandiperekeze n'komwe, chifukwa azakhali anali atabereka mapasa ndipo msana wanga unali utapeza ntchito. Chachinayi kunabadwa winanso.

Pamene ndinkalowa m'kalasi ndinali wamtali kuposa onse, ndipo anandikhazika kumbuyo kuti ndisatchinge anzanga. Tinayamba kulemba pa mchenga ndi chala. Kenako kunabwera sileti, imene tinkafufuta ndi mate ndi chigongono. Inu amene mumalira pensulo ikathyoka, mukanaona mmene tinkasungira kachidutswa ka choko, tikumangirira pa ngodya ya diresi ngati mankhwala! Kamba wathu anali chimanga chokazinga, nthawi ya masuku masuku, nthawi ya mbatata mbatata yootcha yozizira kale. Sukulu ndinkaikonda kwambiri, ngakhale sindinakwezepo dzanja. Aphunzitsi a Sitandade 5 ndiwo anandipatsa kope lotsala masamba ochepa, n'kunena kuti, "Popeza suyankhula, uzilemba." Ndinalekera Sitandade 6. Mutu sunakane ayi. Ndinangotopa kukhala ngati mayi pakati pa tiana.

Ndinabwera m'tauni nditakwatiwa ndi agogo anu aamuna, a Mbewe, amene iwe Tamanda sunawaone. Tinkakhala ku Mchesi. Iwo anali ndi benchi yawo mu Msika wa Lilongwe, akugulitsa misomali, mahinjesi ndi maloko, moti malaya awo ankanunkha chitsulo ngakhale nditachapa kawiri. Amayi anu, Chikondi, ali ndi zaka zinayi, ine ndinapeza ntchito yophika phala ndi kusesa pa sukulu ya mkaka ya Mayi Mhango ku Area 3. Mayi Mhango anali a ku Rumphi, amuna awo ankagwira ntchito m'boma. Anasandutsa galaja ya nyumba yawo kukhala kalasi, ndipo anandilola kumabwera ndi Chikondi kuti azikhala pamodzi ndi ana enawo.

Inu mumapita ku Area 3 pa galimoto mutatseka magalasi. Ife tinkayenda wapansi. Tinkadutsa m'mbali mwa msika ogulitsa tomato akungoyala kumene, n'kuwoloka mlatho, kenako phokoso lonse n'kutsalira kumbuyo ngati wina watseka chitseko. Kutsidya kunali mipanda ya mitengo yometa bwino, agalu onenepa, ndipo nthawi yotentha maluwa a jakaranda ankagwa mpaka msewu wonse kusintha mtundu. Chikondi ankayenda mosamala kuti asawaponde. Taganizani, msewu wathunthu wa maluwa, iye akufuna asaponde ngakhale limodzi. Tinkachedwa nazo.

Masabata oyamba ndinkadabwa kuti makolo amenewa amatumiziranji ana kuno. Panalibe kuloweza, panalibe rula. Ana ankangothira madzi kuchoka m'kapu kupita m'kapu, kusankha nyemba pakati pa chimanga, kuumba dothi, kuyenda pa chingwe choyala pansi. Tsiku lina ndinalimba mtima.

"Mayi," ndinatero ndikuyang'ana tsache langa, "anawa ayamba liti kuphunzira?"

Sanakwiye. Anandikodola. "Anaphiri, tabwerani. Kamtsikana ako mukukaona? Kakutani?"

"Kakutaya madzi."

"Sabata yatha kankataya ochuluka bwanji?"

"Kapu yonse. Ndine ndinkakolopa."

"Lero?"

Ndinayang'ana pansi. "Madontho okha."

"Ndiye dzanja limenelo tsiku lodzagwira pensulo silidzanjenjemera. Tsopano onani zala za uyo akutola nyemba. Poyamba ankafumbata ndi dzanja lonse ngati nyani. Lero akutola ndi zala ziwiri. Zala ziwiri zomwezo ndizo zidzalembe dzina lake."

Ana anga, tsiku limenelo maso anga anatseguka. Ndinaona kuti palibe chimene chinali pabwalo paja mwangozi. Ku chitseko cha galaja anamata pepala lalikulu la ndondomeko yawo, sabata ino ya madzi, ya mawa ya mbewu, inayo ya anthu a m'banja, ndipo pansi pa masewera aliwonse analemba chimene akufuna chikule mwa mwana, kaya ndi miyendo, kaya ndi zala, mawu, kuganiza, kapena kukhala bwino ndi anzake. Ngakhale katungwe anali mmodzi dala. Amuna awo anafuna kumangira ena awiri, iwo anakana. "Akakhala atatu, kudikira akaphunzira kuti?"

Ndinayamba kuona zinthu zimene kale zinkangondidutsa. Kamwana kena kankathawa chithunzithunzi chake, kakulira, kakuyang'ana kumbuyo. Mayi Mhango sanakaseke. Anakagwira dzanja n'kuima nako pa dzuwa, akukweza mwendo, akugwedeza mutu. Patatha masiku ndinakapeza kali kokha, kakupatsa moni chithunzithunzicho n'kuchiitana kuti tiye tikadye phala. Ndinaima ndi chipande m'manja mpaka phala linayamba kupserera. Ine amene ndinabereka ana a anthu kumsana zaka zonse zija, sindinkadziwa kuti ndanyamula zodabwitsa zotere. Ndinkangomva kulemera.

Zimenezi ndinkazilemba m'kope langa ana akagona masana, nditakhala pa mpando wa kukhitchini. Tsiku lina Mayi Mhango anandipezerera. Ndinafuna kubisa kopelo m'chitenje, koma anapempha mwaulemu, ndipo anawerenga masamba atatu ataimirira.

"Inu muli ndi maso," anatero. "Kuyambira mawa muzindilembera za mwana aliyense. Koma musalembe kuti uyu ndi wanzeru, uyu ndi waulesi. Muzilemba chimene wachita, basi. Ndipo musamufunse mafunso. Mwana ukamuimika n'kumufunsa, umangoona mantha ake. Muzimuonera patali akamasewera."

Anandipatsa kope latsopano lachikuto cholimba. Ndi lomwe lili m'sutikesi yanga ija mumaifunsa kuti muli chiyani.

Tsopano za amayi anu. Amayi omwewa amene mumadandaula kuti akayamba kuyankhula samaliza, amene ku ofesi kwawo ku City Centre amaimirira pamaso pa anthu ovala masuti, ali mwana sankayankhula. Kunyumba ankayankha "ee" ndi "ayi", mwina kupempha madzi. Kusukulu, chaka chathunthu ndi miyezi, palibe anamva mawu awo. Anzawo akamaimba, iwo ankangoyendetsa milomo. Mayi Mhango akaitana dzina lawo, ankakweza chala chimodzi mpaka pa phewa n'kuchibweza.

Chikondi atakwanitsa zaka zisanu ndi theka, nthawi yolembetsa Sitandade 1 ikuyandikira, agogo anu aamuna anayamba mwambo wawo. Lamulungu lililonse tikabwera ku tchalitchi, asanavule n'komwe jekete, ankamuitana.

"Chikondi, bwera kuno mayi wanga. Ima chilili. Gwira khutu."

Mwana ankakweza dzanja, kulidutsitsa pa mutu uja wa kwathu, zala n'kuthera m'tsitsi. Iwo ankayeza potsalapo ndi zala zawo, ngati akuyeza msomali. "Kwatsala ziwiri." Sabata inayo, "Zikadali ziwiri."

Musawaone ngati anali munthu wankhanza. Analibe mwana wina amene ankamukonda chonchi. Ankamubweretsera bwemba ndi malambe kuchokera ku msika, ndipo ankamusungira tizitsulo tozungulira toti azisewera nato. Kumukonda komweko ndiko kunawapatsa mantha. Lamulungu lina Chikondi atatuluka panja, anandiuza maganizo awo.

"Make Chikondi, mwanayu sanakhwime. Khutu sakufika, pakamwa satsegula. Ku pulayimale ana amadzaza kalasi mpaka pakhomo. Ameneyu akamuponda, ndipo sadzanena n'komwe amene wamuponda. Amayi anu akabwera ndi chimanga mwezi wa mawa, amutenge. Akakhale kumudzi chaka chimodzi, akakule."

"Mayi Mhango akuti za khutu anasiya," ndinatero chapansipansi.

"Kumayadi anasiya. Ife si a kumayadi."

Ndinafuna kunena zambiri. Ndinafuna kuwauza kuti mng'ono wanga kumudzi ndi woyembekezera, ndipo msana wa Chikondi ukapeza ntchito monga unapezera wanga. Ndinafuna kuwauza kuti chaka chimodzi cha kumudzi ndimachidziwa, chimabala zinzake. Koma mawu anandithawa monga mwa masiku onse. Ndinangotola mbale n'kutuluka.

Zimene ndinalemba masabata amenewo ndikukopererani momwe zilili.

"Lolemba. Chikondi wamanga yekha mabatani onse asanu, la pakhosi lomwe."

"Lachitatu. Mwana wina walira pofuna kapu yofiira. Chikondi wamukankhira yake, osanena kanthu, iye watenga yobiriwira."

"Lachinayi. Wasankha nyemba, wazigawanso pawiri, zamawanga pazokha. Palibe anamuuza."

"Lachisanu. Ndamupeza akulendewera pa nthambi ya gwafa. Sakusewera. Akutsika, akuyesa khutu, akukweranso."

Tsamba limeneli lili ndi malo pamene inki inasungunuka. Palibe anamuuza mwanayo za nthambi yanga ya mpoza. Anaganiza yekha, monga ndinaganizira ine.

Kuseri kwa khitchini ya Mayi Mhango kunali mulu wa zitsononkho zimene ndinkakolezera moto. Lachiwiri la sabata yomaliza, amayi anga atatumiza kale uthenga kuti afika Loweruka, ndinali kutsuka makapu ana onse atagona. Ndinamva mawu panja pa zenera. Ndinayesa ndi wailesi ya oyandikana nawo. Kenako ndinamva, "Yewo, ŵana ŵane," moni wa Chitumbuka umene Mayi Mhango ankalonjera nawo ana m'mawa uliwonse. Koma Mayi Mhango anali m'galaja.

Ndinasuzumira. Chikondi anali atazemba pa mphasa. Anali atandandalika zitsononkho m'mizere itatu, chilichonse ndi tsamba la gwafa patsogolo pake, ndipo iye ataima kutsogolo, manja kumbuyo, akuphunzitsa. Phunziro lonse la mbewu la sabata imeneyo linali kutuluka m'kamwa mwake, mawu omveka, osaphonya. Nyimbo zonse zija ankangoyendetsa milomo, anali kuziimba mpaka kumapeto. Ndinagwira m'mphepete mwa sinki. Ndinali ngati munthu amene wakhala zaka zisanu m'nyumba, ndiye tsiku lina wapeza kuti kuseri kwa kabati kuli chipinda china chodzaza katundu.

Ana atapita ndinawaonetsa Mayi Mhango zimene ndinalemba, n'kuwapempha kuti akalankhule ndi bambo ake a Chikondi.

"Ine ndikawauza ati ndi za kumayadi," anatero. "Abwere aone okha. Koma asamuitane, asatsokomole. Ndipo wowaitana ndinu, Anaphiri. Mwana ndi wanu."

Pobwerera sindinapite kunyumba. Ndinasiya Chikondi kwa mayi wina wogulitsa nsalu amene tinkapemphera naye, n'kulowa ku mzere wa zitsulo. Agogo anu anali kukulungira munthu misomali m'pepala. Ndinadikira munthuyo achoke, kenako ndinaika kope pa benchi, pakati pa maloko ndi mahinjesi.

"Ichi n'chiyani?"

"Muwerenge kuyambira pamene pali tsamba la gwafa. Lachisanu, dzuwa likafika pamutu, mubwere ku khomo la kukhitchini. Osati la kutsogolo."

"Ndisiye benchi masana? Make Chikondi, mwayamba liti kundilamula?"

Oyandikana nawo benchi anaseka. "A Mbewe, lero mwalandira samani!"

Ine ndinathawa, nkhope ikutentha. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawauzepo mawu ambiri chonchi pagulu. Kunyumba sanatchule za kopelo, Lachitatu ndi Lachinayi lomwe. Ndinangoona kuti lili m'thumba la jekete.

Lachisanu ana anadya phala n'kugona. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Kunja kwa zenera kunali zii. Chikondi sanatuluke, bambo akenso sanafike. Ndinatsuka makapu, ndinawatsukanso. Kenako ndinamva kugogoda kwa chala chimodzi. Anali iwo, thukuta lili kamukamu, chipewa m'manja, nsapato zitayera ndi fumbi. Ndinawakhazika pa mpando wanga pafupi ndi zenera. Tinadikira. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana ine, anayamba kuvala chipewa.

Pomwepo tinamva timapazi.

"Yewo, ŵana ŵane. Khalani pansi. Iwe, usakankhe mnzako, katungwe ndi mmodzi, udikire."

Chipewa chinabwerera pa bondo. Chikondi anawerenga ana ake mokweza, akugwira aliyense pamutu, mpaka khumi ndi anayi. Anatola timiyala khumi ndi tinayi, n'kuika kamodzi pa tsamba la aliyense. Kamodzi katagwera pansi anazindikira kuti wina wamanidwa, n'kumupepesa. Anawafunsa kuti nyemba imamwa madzi ndi chiyani popeza ilibe kamwa, ndipo anadikira yankho, akugwedeza mutu ngati akumvadi. Zonsezi ndinali nditaziona kale Lachiwiri. Chimene chinatsatira ndinali ndisanachione.

"Tsopano tilembe a Sitandade 1. Imani pa mzere."

Anatola chitsononkho chaching'ono kuposa zonse, chothyoka kumutu, n'kuchiimika patsogolo pake.

"Ima chilili. Gwira khutu."

Anadikira. Kenako anatsitsa chibwano, n'kutulutsa mawu okhuthala, a munthu wamkulu, amene tonse awiri tinawazindikira.

"Kwatsala ziwiri. Sanakhwime ameneyu. Apite kumudzi."

Ndinaopa kuyang'ana kumbali kwanga. Ndinangomva mpando ukulira pang'ono. Panja mwana anagwira chitsononkho chija ndi manja awiri. Atayankhulanso, sanali Mayi Mhango, sanali bambo ake. Anali mawu ake enieni, aang'ono, amene ngakhale ine mayi wake sindinkawamva kawirikawiri.

"Iyayi. Ameneyu alibe manja, koma amadziwa kuwerenga. Amangochita manyazi. Lowa. Ukhale kutsogolo kuno, pafupi ndi ine."

Anachikhazika pa mzere woyamba n'kuchipatsa tsamba lalikulu.

Agogo anu anapukuta nkhope ndi chipewa, ngakhale thukuta linali litauma kale. Ananong'ona osandiyang'ana.

"Mawu onsewa anali kuti?"

"Anali momwemo."

"Ndipo ankamva zonse ndinkanena zija?"

Anaimirira mwakachetechete ngati munthu wotuluka m'tchalitchi pemphero lili mkati. Pakhomo anatembenuka.

"Amayi akafika mawa, muwauze kuti kumudzi kubwerera thumba lokha. Ndipo akamaliza sukulu yakeyo, munditengere chitsononkho chaching'onocho."

Chitsononkho chimenecho chinakhala pa benchi yawo zaka zambiri, pamwamba pa bokosi la maloko. Ogula akafunsa ankati, "Ameneyo ndi mwana wa sukulu, sagulitsidwa."

Tsiku lolembetsa agogo anu anavala jekete la ku tchalitchi, kope langa m'manja. Njira yonse ankayeserera zokanena, chifukwa m'mawa umenewo anali atayezanso mwakabisira, ndipo zinali zikadali ziwiri. Titafika pa thebulo anayamba asanafunsidwe.

"Aphunzitsi, dzanja lake latsala pang'ono, koma musamubweze. Taonani kope ili, mwalembedwa zonse zimene amatha."

Aphunzitsiwo, mayi wa magalasi, anakweza mutu. "Dzanja latani, bambo? Lavulala?"

"Ayi. Khutu. Silikufika pa khutu."

Mayiyo anaika cholembera pansi n'kuseka mpaka kuchotsa magalasi. "Bambo, inu mwachokera chaka chiti? Khadi yake ya ku sikelo mwabwera nayo?"

Inali m'chikwama changa. Anayang'ana tsiku lobadwa, analemba dzina, n'kuitana wotsatira. Basi. Agogo anu anayenda mpaka pa msewu waukulu, kenako anaima n'kuyamba kuseka okha, akupukusa mutu. "Ndikanataya mwana chifukwa cha zala ziwiri," anatero, "zimene palibe n'komwe amene amazifuna."

Musaganize kuti amayi anu anangolowa m'kalasi n'kuyamba kulongolola. Teremu yoyamba yonse anali chete. Yachiwiri ikupita kumapeto, anabwera kunyumba n'kunena, ngati nkhani wamba, kuti lero ayankha funso. Dzanja nalo linadzafika pa khutu nthawi ina yake. Palibe akudziwa tsiku, chifukwa palibe ankayezanso.

Ine ndinagwira ntchito kwa Mayi Mhango mpaka anabwerera kwawo ku Rumphi, ndipo makope achikuto cholimba anakwana asanu ndi awiri. Ana ambiri anadutsa m'makope amenewo, koma sindinaonepo awiri akukula mofanana. Wina miyendo imatsogola, mawu n'kutsalira. Wina amayankhula ngati loya koma batani limamugonjetsa. Pepala limene aphunzitsi a Tamanda atumiza ndi labwino, likufanana ndi lija la pa chitseko cha galaja, ndipo pansi pake alemba kuti amamuona akumvetsera zonse, tingomupatsa nthawi. Mzere umenewo simunauwerenge. Mzere wosachonga sukunena kuti mulibe kanthu mwa mwanayo. Ukungonena kuti aphunzitsi sanachionebe.

Ndiye Dalitso ndi Mphatso, ndikukupemphani ziwiri zokha. Za khutu zithe. Ndipo mlongo wanuyo musamamuimike pakati pa balaza kuti, "Tanena, tanena." Mukafuna kumudziwa, phunzirani kuima kuseri kwa zenera. Ndi ntchito yovuta kwa anthu aphokoso ngati inu, koma agogo anu aamuna anaitha, ndipo iwo phokoso ankaposa nonse awiri.

Iwe Tamanda, tamvera. M'mawa uno ndinatseka chitseko cha chipinda changa n'kuyesa muyeso uja. Phewa linakana. Dzanja linathera pamwamba pa mutu, kwatsala osati ziwiri koma zisanu. Ndiye ngati Dalitso akunena zoona, tonse awiri tatsalira, tizikhala limodzi.

Koma dzulo ndikuyanika zovala ndinamva mawu kuseri kwa thanki, ndi kulira kwa zitsekerero za mabotolo zikundandalikidwa pa simenti. Sindinasuzumire, sindinatsokomole. Ndinamaliza kuyanika, ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi. Kope lachisanu ndi chiwiri linali ndi masamba otsala. Ndalembamo mzere umodzi.

"Lolemba. Tamanda wawerenga ana ake khumi ndi awiri, wawalowetsa onse. Palibe amene wabwezedwa."

Ndine agogo anu,
Anaphiri